Wadziwa Bwanji?

Nkhani yanga yabwerera kuchokera kwa a Nyasulu
itanyowa pakona ndi mvula ya ku Katoto.
Pa tsamba lachitatu, ndi cholembera chofiira,
mawu awiri okha: Wadziwa bwanji?

Nkhaniyo njaifupi.
Fumbani wa kabaza akutsetsereka kuchokera ku Chibavi,
mabuleki atatha ngati sopo wa pa bafa la anthu ambiri.
NyaJere akuwoloka, beseni la mapeyala pamutu.
Kenako mapeyala ali mbwee pa tala,
limodzi likugubuduka kulowa pansi pa minibasi ya ku Ekwendeni.

Ndinayambira m'mutu mwa Fumbani.
Chifunga ndinachiona ndi maso ake,
lendi ya miyezi iwiri inanditsamwa pakhosi pake.
Koma pofika mzere wachisanu ndi chinayi
ndinalumpha mpanda osaodira,
n'kupezeka mumtima mwa NyaJere
ndikuwerenga ngongole ya banki m'khonde
imene Fumbani sanaimvepo n'kamodzi komwe.
A Nyasulu anandigwira pomwepo, mwendo uli m'malere.

Usiku uno magetsi azima ku Zolozolo.
Ndayatsa kandulo, ndavala majuzi awiri,
ndikuyesa makiyi atatu pa chitseko chimodzi.

Ndayesa "ine".
Ine Fumbani ndinakuwa, mayiyo sanamve.
Chiganizo chikutentha ngati mbatata yongochoka pa makala,
koma ine ameneyu ngwabodza pang'ono:
za mabuleki wazidumpha,
kachasu wa dzulo wamuiwala dala,
ndipo nkhongo yake sangaione.
Bodzalo ndalikonda.
Wowerenga ali ndi mphuno, adzanunkhiza yekha.

Ndayesa "iwe".
Iwe ukuwoloka, khosi likuwawa, iwe sukucheuka.
Ndime imodzi yokha mkono wafooka
ngati wa munthu amene waloza chala tsiku lonse.

Ndayesa "iye" wa kumwamba,
wokhala pa nsanja ya wotchi pakati pa tauni,
woona dereva, kondakitala, wapolisi wobisala mvula,
ngakhale nthanga m'kati mwa peyala.
Koma wodziwa zonse sadzidzimuka.
Njinga ikugunda, iye akungoyasamula,
ndipo nkhani yazizira ngati tiyi woiwalika pa zenera.

Kandulo yafika theka.
Ndawerenganso tsamba loyamba, n'kupeza
munthu amene ndinamuika pongodzazitsa msewu:
kamnyamata kogulitsa mazira owiritsa,
kopanda dzina, kobisala pansi pa ambulera ya wina.

Ndakatcha Wongani.
Ndagwada kuti maso anga alingane ndi ake.
Kuchokera pano anthu ndi mawondo ndi matope.
Lendi sakuidziwa, banki m'khonde sakuidziwa,
wolakwa sakumudziwa.
Akudziwa tayala likuzungulirabe lokha m'mwamba,
patapata yomanga ndi waya itagwa chagada,
mawu a Chitumbuka ndi Chichewa akukolana ngati minga,
ndi peyala lija pansi pa minibasi
limene palibe wina waliona.

Akwawa. Alitola. Alibisa m'malaya.
Pocheuka akumana ndi maso a NyaJere
atakhala pa tala, mpango uli pambali.
Mayiyo ayang'ana chotupa pamimba pa mwanayo,
kenako ayang'ana kumbali.

Chifukwa chiyani?
Ine ndikudziwa. Ndinamulenga ndine mayiyo,
ndikudziwa mwana amene anamuika m'manda ku Embangweni.
Dzanja likuyabwa kuti ndilembe.
Ndalemba. Ndafufuta.
Wongani sakudziwa, choncho tsambalo silidziwanso.
Lingosunga kuyang'ana kumbaliko
ndi kuzizira kwa peyala pa khungu la mwana.

Mvula yayambanso pa malata.
Mawa ndikwera kabaza mpaka ku Katoto,
mapepala m'jumbo, jumbo m'jekete.
A Nyasulu akafunsanso funso lawo lija
ndidzawaonetsa matope pa mawondo anga.